Nkhope za Njerwa

Magetsi athima seveni koloko, monga analonjezera.
Yeoville yense ali zii, kupatula jenereta ya Msomali pakona,
ndipo m'chipinda chathu cha anthu atatu, mabedi awiri,
Twaibu watsamiritsa foni pachitini cha shuga.

"Tsitsa," akutero Lufeyo, "tsitsa mpaka pansi penipeni.
Bandulo ya malandi khumi sadyera manja awiri."
Ndiye tatsitsa. Wani-folo-folo.
Kunsi kwake kulibenso kwina.

Sewerolo ndi la banja lina lakutali,
la khitchini yaikulu ngati tchalitchi,
koma kuno afika ataphwanyika,
ngati nawonso adzera ku Mwanza, Nyamapanda, Beitbridge,
atapanikizika pakati pa matumba a thiransipota.
Nkhope ya bambo ndi njerwa zisanu ndi imodzi,
ziwiri zakuda poyenera kukhala maso.
Mayi akatembenuka msanga
mutu umatsalira, n'kudzawapeza kutsogolo.
Chili pasofa chija takangana nacho:
Twaibu akuti galu, Lufeyo akuti pilo,
mpaka chauwa.

Chofika chathunthu ndi kuseka kokha.
Anthu osaoneka, okhuta,
amangoti wooo ngati mvula yoyamba pamalata,
kenako duu.
Chizungu chake chikuthamanga ngati takisi ya pa Bree,
timatolapo liwu limodzi, awiri,
koma iwo akaseka nafe timaseka,
mochedwerako pang'ono,
monga ndimachitira bwana akanena nthabwala
ine ndili ndi khasu m'manja ku Randburg.

Maso anga anazolowera kale.
Lamulungu lililonse Tinyade amafika chomwechi kuchokera ku Balaka,
mawu patsogolo, milomo pambuyo.
"Adadi, taonani, dzino lachoka!"
Ndinaona kabokosi kakuda pakati pa timabokosi tofiirira.
Ndinati ndaona mwanawe, mpata waukulu bwanji,
ungadutsepo njinga.
Zaka zinayi tsopano ndikulera mwana wa timabokosi.
Akuti wafanana nane mphuno.
Ndimangovomera.

Mzinda uno nawo umationera pabandulo yochepa.
Madamu amanditcha Joseph.
Joseph anali wa ku Chipinge, wamtali, anachoka ine ndisanabwere.
Wapolisi pa Noord sayang'ana nkhope,
amangoona kuda kwake, chikwama,
ndi mmene lilime langa limapunthwira pa Chizulu.
Sindikudandaula. Nthawi zina kusaoneka bwino
ndiko kumakufikitsa kunyumba uli ndi malipiro m'sokosi.

Taonani, bambo wanjerwa uja wabisa kanthu mu uvuni.
Belu lapakhomo lalira, apongozi afika,
chovala chawo chamaluwa chikuyenda chokha ngati nyerere,
mayi wagwira chitseko cha uvuni,
anthu osaoneka aja akoka mpweya,
ifenso tasendera,
mitu itatu yagundana pamwamba pa shuga,

kenako kamkombero.
Kakuzungulira.
Kakuzungulirabe.

Uthenga walowa mwaulemu wake wonse: bandulo yanu yatha.

"Munali nsapato," akutero Lufeyo.
"Kalata ya ngongole," akutero Twaibu,
yemwe yake ili pansi pa matiresi, tonse tikudziwa.
Ine ndati mwina ndi galu uja,
ndipo Twaibu wayerekeza kuseka kwa khamu lonse lija yekha,
kukamwa yasa, mapewa gwedegwede,
mpaka mayi wa chipinda chinacho wamenya khoma:
ena tidzuka folo koloko!

Foni sinazime.
Yangotsala mbee, ikuwalira m'mwamba,
ndipo ndamuona Lufeyo:
chipsera cha galayinda pachibwano,
msempha wogunda pafupi ndi khutu,
imvi zitatu, zinayi, zomwe analibe
tsiku tinkatsika basi pa Park Station
titagwirizira chikwama chimodzi.

"Ukundiyang'ana chiyani?"
Palibe, ndatero. Gona.
Lachisanu tikalandira tidzaone za mu uvunimo.